TIRANZISITA: KACHIPANGIZO KAMENE KAKUNKA KACHEPA

Achikulire ena m'midzi ya Malawi ndi Zambia akadakumbukirabe wailesi ija yobulungira ngati sefuliya, imene Azungu ankaitcha Saucepan Special. Inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1949, ndipo inkapangidwa ndi kampani ya Ever Ready ya ku Mangalande pofuna kuti anthu a m'midzi azitha kumvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, imene inkaulutsa m'zinenero zingapo kuphatikizapo Chinyanja. Batire yake inali chimtolo cholemera chokhala kunja kwa wailesiyo, ndipo ikatha mphamvu, mwini wake ankapisa kwambiri m'thumba kuti agule ina. Patapita zaka kunafika mawailesi ang'onoang'ono oyendera mabatire a tochi, monga aja a Nzeru amene ankapangidwa ku Blantyre. Mlimi ankapita nayo kumunda, msodzi ankapita nayo kudoko, ndipo anthu ankangoitcha "tiranzisita".

Dzina limeneli kwenikweni linali la kachipangizo kamene kanali m'kati mwa wailesimo. Wailesi yotere inkakhala ndi matiranzisita owerengeka ndi zala, iliyonse yaikulu ngati njere ya nyemba, yokhala ndi timiyendo titatu ta waya. Lero lamya ya m'manja, imene ambiri akumvera nayo wailesi, ili ndi matiranzisita mabiliyoni ambirimbiri, ndipo palibe diso la munthu limene lingaone ngakhale imodzi mwa iwo. Nkhani ino ikufotokoza mmene kachipangizo kameneka kanachepera chotere, mavuto amene kuchepako kunadzetsa, ndi nzeru zimene akatswiri anachita pothana nawo.

NTCHITO YA TIRANZISITA

Aliyense amene anafikapo pa minda ya mpunga ya mthirira amadziwa mmene madzi amayendetsedwera. Pamakhala ngalande, ndipo pa ngalandepo pamakhala chitseko. Munthu mmodzi, ndi mphamvu zochepa za dzanja lake, amatsegula chitsekocho madzi ambiri nadutsa, kapena amachitseka madziwo naima. Tiranzisita imagwira ntchito yotereyi, koma chimene imalamulira ndi mphamvu ya magetsi. Ili ndi malo atatu: polowera magetsi, potulukira magetsi, ndi chipata chimene chimalola kapena kukaniza kuti magetsiwo adutse.

Chipata chimenechi chimathandiza m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi kukuza mawu. Mphamvu imene eriyo ya wailesi imakoka mumlengalenga ndi yofooka kwambiri, yosati n'kugwedeza sipika; koma ikaikidwa pa chipata, imalamulira mphamvu yokulirapo yochokera ku batire, ndipo mawu amamveka bwinobwino. Njira yachiwiri ndi kuyatsa ndi kuzimitsa, monga imachitira swichi ya pakhoma. Kompyuta imawerengera ndi manambala awiri okha, 1 ndi 0: magetsi akadutsa ndiye 1, akaletsedwa ndiye 0. Chilembo chilichonse, chithunzi chilichonse, ngakhale ndalama zotumizidwa pa lamya, zonsezi zimasungidwa ndi kuyendetsedwa ngati mndandanda wa manambala awiriwa. Motero maswichi akachuluka, ndiponso akamatseguka ndi kutsekeka msangamsanga, makinawo amatha kugwira ntchito yambiri.

NTHAWI YA MAVALAVU

Tiranzisita isanabwere, ntchito imeneyi inkagwiridwa ndi valavu, chipangizo cha galasi chooneka ngati babu la magetsi. John Ambrose Fleming wa ku Mangalande anapanga valavu yoyamba mu 1904, ndipo Lee de Forest wa ku America anaiwonjezera kachipata mu 1906. Mavalavu ndiwo anali m'kati mwa Saucepan Special. Vuto lawo linali lakuti kawaya ka m'kati mwake kankayenera kutentha kuti agwire ntchito, kotero ankadya magetsi ambiri, ankasweka msanga, ndiponso ankapsa ngati mababu.

Kukula kwa vutoli kunaonekera pa kompyuta yotchedwa ENIAC, imene inaonetsedwa kwa anthu mu 1946 pa Yunivesite ya Pennsylvania ku America. Inali ndi mavalavu oposa 17,000, inkalemera matani pafupifupi 30, ndipo inkadzaza chipinda chachikulu. Valavu imodzi ikapsa, amisiri ankayenera kuifunafuna pakati pa zinzake zikwizikwi. Zinali zoonekeratu kuti makina okulirapo sakanatheka popanda swichi ya mtundu wina.

KUBADWA KWA TIRANZISITA

Yankho linapezeka m'gulu la zinthu zimene zili pakatikati pa nkhani ya magetsi. Kopa amalola magetsi kudutsa mosavuta. Galasi ndi labala zimawatsekereza. Koma germanium ndi silikoni siziwalola kwenikweni, komanso siziwakaniza kotheratu. Zikathiridwa pang'ono chabe zinthu zina, monga boron kapena phosphorus, yemwe uja amapezekanso mu feteleza, khalidwe lake limasintha, ndipo katswiri amatha kusankha malo amene magetsi angadutse ndi amene sangadutse.

M'mwezi wa Disembala 1947, pa malo ofufuzira a Bell Laboratories ku New Jersey, John Bardeen ndi Walter Brattain anakanikiza timizere tiwiri ta golide pa kachidutswa ka germanium, ndipo anaona kuti mphamvu yaing'ono yolowa ikutuluka itakula. Imeneyi ndiyo inali tiranzisita yoyamba. Chaka chotsatira mkulu wawo, William Shockley, anatulukira mtundu wina wolimba ndi wosavuta kupanga. Atatuwa analandira mphotho ya Nobel mu 1956. Pofika mu 1954, ku America kunali kutayamba kugulitsidwa wailesi ya m'thumba yotchedwa Regency TR-1, ya matiranzisita anayi, ndipo mu 1955 kampani ya ku Japan imene pambuyo pake inatchedwa Sony inatulutsa yake.

Germanium anali ndi chilema chimodzi: akatentha ankasokonekera. Ndicho chifukwa chake kuyambira mu 1954 akatswiri anayamba kutembenukira ku silikoni, amene amapirira kutentha ndiponso amachokera ku miyala ndi mchenga, zinthu zosasowa pa dziko. Komabe silikoni wopangira matiranzisita amayengedwa mpaka kuyera koposa: mwa maatomu biliyoni imodzi, achilendo sayenera kupitirira imodzi. Akasungunulidwa, amakokedwa pang'onopang'ono kukhala chimtanda chobulungira, ndipo chimtandacho chimadulidwa timbale topyapyala, timene masiku ano timakhala ta mamilimita 300 m'mimba mwake.

ZONSE PA KACHIDUTSWA KAMODZI

Ngakhale tiranzisita inali yaing'ono, panatsala vuto la kulumikiza. Iliyonse inkayenera kuwotchereredwa pa waya ndi dzanja la munthu, ndipo makina a matiranzisita zikwi zambiri ankakhala ndi mfundo zosawerengeka, iliyonse yotha kumasuka. Mu Seputembala 1958, Jack Kilby wa kampani ya Texas Instruments anaonetsa kuti tizipangizo tingapo tingathe kupangidwira pamodzi pa kachidutswa kamodzi ka germanium. Mu 1959 Robert Noyce wa kampani ya Fairchild ku California anapeza njira yoposa pamenepo. Potsamira pa luso la mnzake Jean Hoerni, lopanga matiranzisita ogona chafulati pamwamba pa silikoni, Noyce anaganiza zoti mawaya olumikizira azijambulidwa pamwamba pomwepo ngati timizere ta chitsulo. Kachidutswa ka silikoni kokhala ndi matiranzisita ndi mawaya ake onse ndiko kamene lero kamatchedwa chip.

Nthawi yomweyo ku Bell Laboratories kunabadwa mtundu wa tiranzisita umene unadzagonjetsa ina yonse. Anaupanga mu 1959 ndi Mohamed Atalla, wobadwira ku Port Said m'dziko la Egypt, pamodzi ndi Dawon Kahng wa ku Korea, ndipo umadziwika ndi dzina lakuti MOSFET. Kapangidwe kake n'kotere: pa silikoni pamakhala polowera ndi potulukira, pakati pake pali kanjira kotsekeka. Pamwamba pa kanjirako pamayalidwa kansalu kopyapyala konga galasi, kamene kamapangika silikoni akawotchedwa mu mpweya, ndipo pamwamba pa kansaluko pamakhala chipata. Chipatacho sichikhudza kanjira. Chikapatsidwa mphamvu, chimakoka tinthu tonyamula magetsi totchedwa maelekitironi kuti tisonkhane pansi pa kansalu, monga maginito amakokera misomali ngakhale pali pepala pakati, ndipo kanjirako kamatseguka. Mphamvuyo ikachotsedwa, kanjira kamatsekekanso.

Mu 1963 Frank Wanlass ndi Chih-Tang Sah a ku Fairchild anaonetsa kuti matiranzisita otere angaikidwe awiriawiri, a mitundu yosiyana, kotero kuti ina ikatseguka inzake imakhala yotseka. Mwa njira imeneyi, yotchedwa CMOS, magetsi amayenda pa kamphindi kosinthana kokha, nthawi ina yonse amakhala chiimire. Ichi ndicho chifukwa chake wotchi ya pamkono imatha zaka ndi kabatire kamodzi, ndipo pafupifupi machip onse owerengera a masiku ano amamangidwa pa maziko amenewa.

LAMULO LA MOORE

Mu 1965 Gordon Moore, amene panthawiyo anali ku Fairchild, analemba m'magazini yotchedwa Electronics kuti chiwerengero cha tizipangizo pa chip imodzi chikuwirikiza kawiri chaka chilichonse. Mu 1975 anakonza mawu akewo nanena kuti kuwirikizako kudzichitika zaka ziwiri zilizonse. Anthu anatcha mawu amenewa Lamulo la Moore. Silinali lamulo la chilengedwe ngati lija lakuti mwala woponyedwa m'mwamba umagwa pansi. Linali chiyembekezo chabe, koma makampani analisandutsa muyezo wa mpikisano wawo, aliyense poopa kutsalira.

Moore ndi Noyce anayambitsa kampani ya Intel mu 1968, ndipo mu 1971 kampaniyi inatulutsa chip yotchedwa 4004, imene inapangidwira makina owerengera a kampani ya Busicom ya ku Japan. Inali ndi matiranzisita 2,300. Chip ya 80386 ya mu 1985 inali nawo 275,000. Pentium ya mu 1993 inali nawo mamiliyoni 3.1, Pentium 4 ya mu 2000 inali nawo mamiliyoni 42. Munthu akayamba ndi 2,300 nawirikiza kawiri zaka ziwiri zilizonse kwa zaka 50, amapeza mabiliyoni pafupifupi 77. Mu 2022 kampani ya Nvidia inatulutsa chip yotchedwa H100, ya matiranzisita mabiliyoni 80. Akuluakulu amati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolo wa kuwirikizawirikiza umakula kuposa mmene mutu wa munthu ungaganizire.

Kuti matiranzisita ochuluka chotere akwanire pa malo aang'ono ngati chikhadabo kapena kachikhatho, anayenera kuchepa. Pano pakufunika kudziwa miyezo. Milimita ndi kampata kakang'ono kaja ka pa rula ya mwana wa sukulu. Milimita ikagawidwa pa zigawo 1,000, chigawo chimodzi ndi maikromita. Maikromita ikagawidwanso pa zigawo 1,000, chigawo chimodzi ndi nanomita. Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa mananomita pakati pa 50,000 ndi 100,000, ndipo chikhadabo chimakula pafupifupi nanomita imodzi pa sekondi. Timizere ta chip ya 4004 tinali ta mananomita 10,000. Pofika mu 2003 makampani anali atafika pa muyezo wa mananomita 90.

Kwa zaka zambiri kuchepa kumeneku kunkabwera ndi madalitso okhaokha. Robert Dennard wa kampani ya IBM ndi anzake analongosola chifukwa chake mu 1974: tiranzisita ikachepetsedwa mbali zonse, mphamvu yoiyendetsa nayo n'kuchepetsedwa mofanana, imathamanga kwambiri koma imadya magetsi ochepa, kotero kuti chip yonse sitentha kuposa kale ngakhale matiranzisita achuluke. Chinthu chinkakhala chaching'ono, chaliwiro, chosadya magetsi, ndiponso chotsika mtengo, zonse nthawi imodzi.

PAMENE KUCHEPA KUNAYAMBA KUVUTA

Cha m'ma 2005 mwayi umenewu unatha, ndipo zifukwa zake zinali ziwiri. Choyamba chinali kansalu kaja kolekanitsa chipata ndi kanjira. Kanali katapyapyala mpaka kufika pa mananomita 1.2, ndiko kuti maatomu pafupifupi asanu osanjikizana. Pa muyezo wotere maelekitironi amayamba kulowerera m'kansaluko n'kutulukira tsidya lina, monga madzi amachuchira mu mtsuko wosapsa bwino. Chachiwiri chinali kanjira. Polowera ndi potulukira zitayandikana kwambiri, chipata chokhala pamwamba pokha chinalephera kutseka bwino, ndipo magetsi ankadutsira pansi ngakhale swichi ili yozimitsa.

Kuchucha kwa tiranzisita imodzi n'kochepa, koma kukachitika pa matiranzisita mamiliyoni mazanamazana kumasanduka kutentha kwakukulu ndi kuwononga batire. Ndiponso mphamvu yoyendetsera sinathe kutsitsidwa kwambiri kupitirira volti imodzi, chifukwa swichi ikanalephera kusiyanitsa bwino kuyaka ndi kuzima. Chip ya 4004 inkagunda ka 740,000 pa sekondi. Pofika mu 2004 Pentium 4 inkagunda ka mabiliyoni 3.8 pa sekondi, ndipo apa liwiro linakhala ngati lafika pa khoma. Chaka chomwecho Intel inasiya mapulani a chip yothamanga koposa chifukwa cha kutentha, nitembenukira ku nzeru ina: kuika mitu iwiri kapena kuposa pa chip imodzi kuti igawane ntchito. Mutu umodzi susenza denga, ndipo lero ngakhale lamya yotsika mtengo imakhala ndi mitu inayi kapena isanu ndi itatu.

Akatswiri anafunanso mankhwala mwa kusintha zopangira. Kale mu 1997 IBM inali italengeza zogwiritsa ntchito kopa m'malo mwa aluminiyamu pa timawaya ta pa chip, popeza kopa amayendetsa magetsi bwino. Mu 2003 Intel inayamba kukoka ndi kufinya silikoni wa m'kanjira kuti maelekitironi aziyenda mofulumira. Mu 2007 inasintha kansalu kaja kamene kanatumikira zaka zoposa 40, niikapo kena kopangidwa ndi hafnium, kamene kamatha kukhala kochindikala, motero kosachucha, koma kosafooketsa mphamvu ya chipata.

CHIPSEPSE CHA NSOMBA

Mankhwala amenewa anathandiza kwa kanthawi, koma vuto la chipata cholephera kutseka linafuna kusintha kamangidwe. Fanizo lake ndi payipi ya labala yothirira m'dimba. Munthu akaiponda ndi chala pamwamba pokha, madzi amapezabe podzera. Akaitsina mbali zitatu, amachepa kwambiri. Akaifumbata ndi dzanja lonse, amaima.

Mu 1989 Digh Hisamoto ndi anzake a kampani ya Hitachi ku Japan anapanga tiranzisita ya kanjira koimirira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, gulu la pa Yunivesite ya California ku Berkeley, limene mmodzi wa atsogoleri ake anali Chenming Hu, linapititsa patsogolo ganizoli. Kanjira kanaimikidwa chilili, kopyapyala ngati chipsepse cha pamsana pa chambo, ndipo chipata chinakwera pamwamba pake n'kukazinga mbali zitatu. Dzina lake lakuti FinFET likuchokera ku mawu a Chingerezi otanthauza chipsepse. Panapita zaka zoposa khumi kuti luso limeneli lichoke m'chipinda chofufuzira kufika m'fakitale. Intel inalengeza mu 2011 kuti yayamba kuligwiritsa ntchito, ndipo machip ake a mananomita 22 anafika pa msika mu 2012. Makampani ena anatsatira, ndipo malamya amphamvu a zaka khumi zotsatira anamangidwa pa chipsepse chimenechi. Chip ya Apple yotchedwa A17 Pro, ya mu 2023, inali ndi matiranzisita otere mabiliyoni 19 m'kati mwa lamya yokwana m'thumba.

Koma chipsepse nacho chili ndi malire, pakuti pansi pake pamakhala posazingidwa. Sitepe lotsatira linali kufumbata ndi dzanja lonse. Kanjira kanagawidwa kukhala timaliboni ta silikoni titatu kapena tinayi, togonekedwa tosanjikizana, ndipo chipata chinazinga kaliboni kalikonse mbali zonse zinayi. IBM inaonetsa chip yoyeserera ya mtundu umenewu mu 2021. Kampani ya Samsung ya ku South Korea inayamba kupanga machip otere mu Juni 2022, ndipo TSMC ya ku Taiwan ndi Intel zinafika pa luso lomweli mu 2025. Intel inasamutsanso mawaya obweretsa magetsi kuwaika kunsi kwa chip, kuti pamwamba patsale malo a mawaya onyamula uthenga.

KUJAMBULA NDI KUWALA

Omvera angafunse kuti ndi dzanja lanji limene lingaumbe tinthu tating'ono chotere. Palibe dzanja. Machip amasindikizidwa ndi kuwala. Kambale ka silikoni kamapakidwa mankhwala amene amasintha akaombedwa ndi kuwala. Kenaka kuwala kumadutsitsidwa pa chithunzi cha mapulani, monga wolemba zikwangwani amapakira utoto pa pepala loboola, ndipo magalasi amachepetsa chithunzicho chisanagwere pa kambale. Malo oombedwa amatsukidwa, amakumbidwa kapena amathiridwa zinthu zina, ndipo ntchitoyi imabwerezedwa kambirimbiri, mndandanda pamwamba pa mndandanda. Kambale kamodzi kamatha miyezi iwiri kapena itatu kali m'fakitale, m'zipinda zoyera kuposa zochitiramo opaleshoni, chifukwa kafumbi kamodzi kangathe kuononga chip yonse.

Kuwala nako kuli ndi muyezo wake, ndipo kujambula mzere wopyapyala ndi kuwala kokhuthala kuli ngati kulemba kalata ndi bulashi yopakira nyumba. Kwa zaka zambiri mafakitale ankagwiritsa ntchito kuwala kwa mananomita 193. Pofuna kujambula timizere tochepa kuposa pamenepo, ankaika madzi pakati pa galasi ndi kambale, ndiponso ankajambula chithunzi chimodzi m'magawo awiri kapena anayi. Kuyambira mu 2019 mafakitale otsogola anayamba kugwiritsa ntchito kuwala kwa mananomita 13.5. Kuwala kumeneku kumapangidwa mwa kuombera timadontho ta tini wosungunuka ndi laser, timadontho 50,000 pa sekondi. Popeza mpweya ndi galasi zimakumeza, makinawo amachotsedwa mpweya wonse, ndipo kuwalako kumayendetsedwa ndi akalilole osalala koposa opangidwa ndi kampani ya Zeiss ya ku Germany. Makina amenewa ndi aakulu ngati basi, amodzi amagulidwa madola a ku America oposa mamiliyoni 150, ndipo amapangidwa ndi kampani imodzi yokha, ASML, ya m'tauni ya Veldhoven ku Netherlands.

MAYINA NDI NSANJIKA

Pali chinthu chimodzi chimene wogula ayenera kudziwa. Kale nambala ya mananomita inkanena kutalika kwenikweni kwa chipata. Masiku ano mawu akuti "mananomita 3" kapena "mananomita 2" ndi dzina chabe la mbadwo wa luso. Pa chip yotchedwa ya mananomita 3, mtunda wochokera pa chipata china kufika pa chinzake umapitirira mananomita 40. Komabe malire enieni alipo, pakuti mu nanomita imodzi mumakwana maatomu a silikoni anayi kapena asanu okha, ndipo mmisiri sangamange ndi njerwa yochepa kuposa atomu.

Malo akachepa m'tauni, anthu amamanga nyumba zosanjikiza, ndipo opanga machip achita chimodzimodzi. Mu 2013 Samsung inayamba kupanga machip osungira zinthu okhala ndi nsanjika 24. Patapita zaka khumi makampani anali atapitirira nsanjika 200. Ndi chifukwa chake kakhadi kosaposa chikhadabo kamasunga nyimbo zikwizikwi. Makampani ena amapanga machip ang'onoang'ono angapo n'kuwalumikiza pamodzi, monga inachitira Nvidia mu 2024 pamene inaphatikiza awiri kukhala chip ya matiranzisita mabiliyoni 208. Malo ofufuzira monga imec a ku Leuven m'dziko la Belgium akhala akuyesa kusanjikiza matiranzisita awiri aja a CMOS, ina pamwamba pa inzake.

PHINDU NDI NKHAWA

Phindu la kuchepa kwa tiranzisita lafika ngakhale kumene mawaya a magetsi sanafike. Chifukwa chakuti swichi yaing'ono imadya magetsi ochepa, kasola kakang'ono ka padenga kamakwanitsa kutchaja lamya imene ili wailesi, tochi, kamera ndi chikwama cha ndalama nthawi imodzi. Mayi wa kumudzi amalandira ndalama kuchokera kwa mwana wake wa ku Johannesburg osakwera basi kupita ku boma.

Koma nkhawa ziliponso. Fakitale imodzi ya machip otsogola imadya madola mabiliyoni oposa khumi poimanga, kotero makampani otha kupikisana pa luso limeneli atsala atatu: TSMC, imene Morris Chang anayambitsa mu 1987 ku Hsinchu, Samsung ndi Intel. Dziko lonse likudalira malo owerengeka. Pakati pa 2020 ndi 2022, nthawi ya mliri wa Covid-19, machip anasowa, mafakitale a magalimoto m'maiko ambiri anaimitsa ntchito, ndipo katundu wa magetsi anavuta kupeza. Mu 2022 boma la America linakhazikitsa lamulo lopatula madola pafupifupi mabiliyoni 52 olimbikitsira kupanga machip m'dzikomo, ndipo maiko ena anachita zofanana.

Nkhawa ina ikuoneka pa msika. Wokonza mawailesi wakale ankatha kupeza tiranzisita imodzi yakufa, kuichotsa ndi kuwotchererapo ina, wailesi n'kuyambanso kulira. Wokonza malamya wa lero sangafike pa tiranzisita imodzi. Amasintha chip yonse kapena bolodi lonse, ndipo kawirikawiri mtengo wake umachititsa mwini lamya kungoitaya. Zotayidwazo zikatenthedwa pa dzala zimatulutsa utsi woipa, ndipo mabatire ake amatha kuphulika, kotero n'kwanzeru kuzipereka kwa amisiri amene amachotsamo zipangizo zothandiza.

Gordon Moore anamwalira mu 2023, patatha zaka 58 chilembere mawu ake aja. Kuwirikiza kumene ananena kukuchitika mochedwerapo tsopano ndiponso modula, koma ntchito ya kachipangizoka sinasinthe chiyambire 1947: kutsegula ndi kutseka njira ya magetsi. Lamya ikafunda m'dzanja pamene munthu akuonera kanema, kufundako kukuchokera ku zipata mabiliyoni ambiri zimene zikutseguka ndi kutsekeka, zina zikuchucha pang'ono. Kutentha kukawonjezereka kuchuchako kumakula ndipo batire imafooka msanga. Ndicho chifukwa chake potchaja lamya ndi sola, sola iyenera kukhala padzuwa koma lamyayo ikhale pamthunzi.